Pikapu Imene Inaleka Kugwada

Panali munthu wina kumapiri a ku Dedza, kumene kachewere amalimidwa mpaka kuseri kwa nyumba. Munthuyo anagwira ntchito ya ukapitawo pa esiteti ya fodya ku Kasungu kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitamera. Atapuma pa ntchito, anatenga zonse zimene anam'patsa potsanzikana, napita nazo ku Lilongwe, nakagula pikapu. Sindikunena zija zimabwera zitatopa kale kwa eni ake kunja. Ndikunena yatsopano, mipando ikadali m'mapulasitiki, yoti polowamo umayamba wapukuta kumapazi. Sanasiye kanthu kubanki, ndipo munda wake unali waung'ono. Chakudya cha ukalamba wake chinali pa matayala anayi amenewo.

Pom'patsa makiyi, ogulitsawo anam'lonjeza chimene amati galanti. Anamuuza kuti galimotoyo ikadwala yokha m'zaka zoyambirira, kaya ndi injini kaya ndi magiya, aibweze, iwo adzakonza kapena kuikamo china chatsopano, iye osalipira. Koma anaikapo mawu awiri. Asaisinthe kapangidwe kake, ndipo asaisenzetse katundu woposa amene anaipangira. Munthuyo anagwedeza mutu kuvomera. Ndani amamvetsera malamulo makiyi ali kale m'manja?

Tsono munthuyu anali mwini mbumba. Alongo ake, ana a alongo ake ndi zidzukulu, onse maso anali pa iye. Inu mukudziwa mmene zimakhalira. Mwana watentha thupi, kwa atsibweni. Mbuzi yadya chimanga cha eni, kwa atsibweni. Ndipo iye anali ndi nthenda imene ambiri amaiyesa ukoma: pakamwa pake sipankatuluka mawu akuti iyayi. Ankatha kuwaganiza mawuwo. Ankatha kuwayeserera ali yekha kubafa. Koma munthu akangoima pamaso pake n'kupinda manja, mawuwo ankathawa, m'malo mwake n'kutuluka akuti, "Chabwino, tiona."

Galimoto itafika pamudzi, amayi anaimba nthungululu. Sanaimbire iye yekha. Aliyense ankaimbira matumba ake a kachewere amene anali kudikira ulendo wa kumsika.

M'miyezi yoyamba zinthu zinayenda bwino, ndipo ndikuuzeni chifukwa chake. Galimotoyo inkamuyankhulira. Akakweza katundu wapamuyeso, inkaima bwinobwino. Akawonjezera, kumbuyo kunkayamba kutsika. Akawonjezeranso, inkagwada ndithu, mphuno n'kuloza kumwamba, nyali n'kumayang'ana nsonga za mitengo. Anthu ankaona okha. Wina ankati, "Ee, yagwada, tsitsaniko awiri." Matumba awiri ankatsika, mwini wake n'kudikira ulendo wotsatira kapena kukabwereka ngolo. Panalibe wokwiya, pakuti munthu sungakangane ndi chitsulo. Mkulu uja ankangotambasula manja n'kunena kuti si iye, ndi galimotoyo. Mumtima ankathokoza, ndipo masiku amenewo ankadya chakudya n'kumachimva kukoma.

Ndiye tsiku lina pamsika panali mlamu wake, mwamuna wa mlongo wake wamng'ono. Munthu wa pakamwa pokoma, amene chigulireni njinga sanagulenso kanthu kokhala ndi tayala. Ataona galimoto itagwada, anaseka mokweza kuti aliyense amve.

"Alamu, galimoto yatsopano n'kumagwadira kachewere? Chiphapha cha a Gwaza chija chimanyamula kuposa apa, chili njo. Kapena anakugulitsani ya akazi oyendera kusaluni?"

Anthu anaseka. Zinali zachilamu, ndipo mkulu uja anaseka nawo. Koma mawuwo anamulowa ngati minga ya kuphazi, imene umayenda nayo osaiona koma ukuimva. Anachita manyazi, ndipo manyaziwo sanathe atafika kunyumba.

Sabata isanathe anapita kwa Laitoni, makaniko amene ankagwira ntchito pansi pa mtengo wa bulugama pamsika pomwepo. Laitoni sanali munthu woipa. Ankachita zimene wauzidwa, ndipo ankazichita bwino. Anafukula masipuling'i a lole yakufa kuseri kwa shedi yake, nadula zitsulo, naziika pansi pa pikapuyo mbali zonse ziwiri pamwamba pa zimene inabadwa nazo. Anamanga mabawuti, namenya bodi ndi chikhatho. Msana wa galimoto unalimba. Za injini palibe anafunsa, ndipo injiniyo inali yomwe ija.

Kuyambira tsiku limenelo pikapu inaleka kugwada. Ankakweza matumba osokerera aja, otalika ngati munthu, iyo ili njo. Ankakweza njerwa za nyumba ya mphwake, mchenga wa kudambo wonyowa, malata, matabwa. Pa ukwati inkanyamula kwaya yonse ndi mapoto omwe. Pa maliro inkanyamula bokosi, olira, nkhuni ndi ufa, ena atapachikika m'mbali miyendo ili lendelende. Palibenso amene ankati tsitsaniko, chifukwa panalibe chooneka. Pamudzi anaipatsa dzina, ankati njovu ya atsibweni. Mlamu uja ndiye ankaitama koposa onse, ngati anagula ndi iye.

Mwini wake yekha ndiye ankadziwa. Ankamva m'manja, chiwongolero chikupepuka chifukwa kulemera konse kuli kumbuyo. Ankamva pachitunda, galimoto ikukwawa pa giya yoyamba, fungo lopserera likulowa pawindo. Ankaona muvi wa kutentha ukukwera kumene sunkafika kale. Akaona mulu wa katundu pabwalo m'mawa, mtima unkamugwa. Koma choti alozepo chinali chitapita, ndipo anachichotsa yekha ndi ndalama zake. Tsopano kukana kukanayenera kutuluka pakamwa pake, ndipo ndakuuzani kale za pakamwa pakepo.

Phokoso linayamba pang'ono. M'mawa akaliza injini, mkati munkamveka go, go, go, ngati mlendo waulemu akugogoda ndi chala chimodzi. Injini ikatentha linkatha. Kenaka linaleka kutha. Kenaka pachitunda linayamba kumveka ngakhale kwa okhala pamwamba pa matumba. Aliyense anali ndi nzeru zake. Wina anati ndi mafuta a m'zigubu. Wina anatsitsa mawu n'kuti ndi anthu ansanje, pafunika kuitsirika. Mlamu uja anati zatsopano zimatero, ikuzolowera msewu. Mkuluyo anachita mantha, mantha enieni a munthu amene akudziwa kuti alibe pena pogwira, ndipo anayamba kuwonda.

Anabwerera kwa Laitoni. Laitoni anatsegula boneti, natenga chitsulo chachitali, mbali ina pa injini, mbali ina pakhutu pake. Anamvetsera nthawi yaitali, kenaka anapukusa mutu.

"Bambo, izi ndi zamkati. Si za pansi pa mtengo izi. Bwererani nayo kwa eni ake galanti isanathe, akakuikirani ina. Koma zitsulo zija tichotse kaye, akakaziona akakubwezerani pageti. Ndipo mupite yopanda kanthu, pang'onopang'ono, osaikakamiza."

Anachotsa zitsulozo tsiku lomwelo. Anapaka matope pa mabawuti kuti asaoneke kuti anamasulidwapo. Ine sindikuwaikira kumbuyo anthu awiriwa. Chinali chinyengo, ndipo onse awiri ankadziwa. Koma fanizo langa silili pa matopewo, dikirani.

Mkuluyo anauza mkazi wake yekha kuti mawa alawirira ku Lilongwe. Mkazi wake anauza mnzake mmodzi yekha pamjigo. Ndipo kwathu kuno galimoto sipita kutauni yopanda kanthu. Kuyenda ndi bodi yopanda kanthu abale ako ali ndi katundu, kuli ngati kudya utatseka chitseko. Komanso inali nyengo imene kachewere anali atakwera mtengo m'tauni, pamene pamudzi mavenda ankangogula motola. Kutacha, mkuluyo potuluka m'nyumba anapeza bwalo ladzaza. Matumba anali atafika kale, eni ake atakhala pamwamba pake, atavala za paulendo.

Anaima pakhonde. Anatsegula pakamwa. Adzukulu ndi aphwake anali atayamba kale kukweza, monga anazolowera, akuimba nyimbo. Anakweza mzere woyamba, wachiwiri, naponya ena pamwamba. Ndipo pikapu inagwada. Inagwada kuposa kale, chifukwa masipuling'i ake enieni anali atatopa. Bodi inatsika mpaka kutsala pang'ono kukhudza matayala. Nyimbo inatha.

Pamenepo mlongo wake wamkulu, Nambewe, mayi wamasiye wosayankhulayankhula, anayandikira. Anayang'ana galimoto, nayang'ana mchimwene wake.

"Achimwene, yagwadatu iyi. Titsitseko?"

Abale anga, mvetsani pamenepa. Munthuyu anapatsidwanso mwayi. Galimoto inamuyankhuliranso monga kale, ndipo mlongo wake anam'tsegulira njira. Sanafunikire ngakhale kunena kuti iyayi. Anafunika kungoti inde. Koma anaona mlamu wake ataima potero, manja m'matumba, akumwetulira. Anaona nkhope za eni matumba. Anadziwa kuti akati tsitsani, adzafunsa kuti njovu yatani lero, ndipo adzayenera kunena kuti zitsulo anachotsa, kuti injini ikudwala, kuti iye mwini mbumba ali ndi mantha. Anadziuza mumtima kuti akatsitsa katunduyo kumsika wa m'tauni, n'kukafika kwa ogulitsa aja bodi ili mbee, palibe adzadziwe.

Anati, "Kwezani. Ifika."

Anakweza otsalawo. Anthu anakwera pamwamba. Nambewe anakhala kutsogolo.

Ananyamuka. Pa bampu iliyonse matayala ankakhula bodi, fungo la mphira likutuluka. Kugogoda kuja sikunalinso kwa mlendo waulemu. Anadutsa dambo, nadutsa sukulu, nafika pa chitunda chachitali chija chotulukira ku msewu wa tala. Anaika giya yoyamba. Galimoto inakwera, ikunjenjemera thupi lonse. Pakati pa chitunda mkati mwa injini munamveka ngati wina akuswa miyala ndi hamala. Kenaka kunamveka kuphulika kumodzi, utsi unatuluka m'mbali mwa boneti, ndipo zonse zinangoti chete. Anyamata analumpha n'kuika miyala kumatayala. Oyilo wakuda ankatsika chitunda pang'onopang'ono, akulowa m'fumbi.

Anayesa kukankha, inakana. Anatsitsa katundu yense kuti ipepuke, naunjika pambali pa msewu, komabe injini sinayankhe. Mulu wa matumbawo unali wautali kuposa denga la galimoto. Mkuluyo anapita poduka mphepo, naimbira foni ogulitsa aja.

Dzuwa litapendeka ogulitsawo anafika ndi galimoto yokokera zinzake. Anatsika bambo wina wovala ovolosi yoyera bwino, waulemu, napereka moni kwa onse. Anayang'ana oyilo pansi. Anayang'ana matayala akumbuyo, mmene anakhulikira. Pansi pa galimoto, pa matope aja anapakidwa mosamala, sanasuzumirepo n'komwe. Anatembenukira ku mulu wa matumba.

"Zonsezi zinali m'menemu?"

Mkuluyo asanapeze mawu, mlamu wake analowapo. Sanafune kumupweteka, ayi. Ankafuna kuti mlendo wa m'tauni adziwe kuti pamudzi pawo pali galimoto.

"Izi n'zochepa, bwana! Simunaione iyi. Chiikireni masipuling'i a lole aja, imanyamula njerwa, mchenga, anthu pamwamba, osagwada ngakhale pang'ono. Lero lokha ndiye kaya yadzuka bwanji."

Bambo wa ovolosi uja anavula chipewa, nayankhula motsitsa mawu, kuti ena asamve.

"Pepani bambo. Lonjezo lathu linali la galimoto imene tinakupatsani, ndi katundu amene tinakuuzani. Tikhoza kuikoka mpaka kumene mungafune. Koma injiniyi ndi yanu."

Sanakalipe, sananyoze. Mkuluyo akanakonda bamboyo akanakalipa, chifukwa bwenzi atapeza pokangana napo. Anangoti zikomo.

Posakhalitsa inatulukira lole yochokera kumidzi ya kumtunda, ili ndi malo. Kachewere sadikira chisoni cha munthu. Anthu anapepesa, anapepesadi ndi mtima wonse, kwinaku akuponya matumba awo m'lolemo. Mlamu uja anakwera kutsogolo. Fumbi litatha, pachitunda panatsala mkuluyo ndi mlongo wake Nambewe, amene analola matumba ake apite ndi ana. Anakhala pansi pambali pake, pa udzu.

"Achimwene, ndinakufunsanitu m'mawa muja. Mukanati tsitsani, akanakwiya ndani? Ife tinkaona ngati simulemedwa."

Mkuluyo analira. Munthu wa imvi, kapitawo amene ankalamula anthu mazana pa esiteti, analira pamaso pa mlongo wake, ndipo mlongo wakeyo anam'siya alire.

Pikapuyo anaikokera kunyumba. Ili pomwepo mpaka lero, pa njerwa, chifukwa injini yatsopano si chinthu choti munthu wopuma pa ntchito angaitole. Mbumba ija sinafe ndi njala. Kachewere wawo akupitabe ku Lilongwe pa galimoto za ena, ndipo eni galimotozo akati yakwana, anthu amatsitsa osadandaula. Mkulu uja amalima kamunda kake ndi khasu, msana ukumuwawa.

Tsono abale anga, inu amene mwasankhidwa kumene kukhala akulu a mpingo, ndi inu amene muli ndi mbumba kumudzi, fanizoli ndi lanu. Sindikunena kuti Mulungu ali ngati ogulitsa galimoto. Chifundo chake n'choposa pamenepo. Koma thupi ili analipanga ndi muyeso, ndipo mtima nawonso uli ndi muyeso wake. Kutopa kukaoneka pankhope panu, si manyazi. Ndi mmene anzanu amadziwira kuti yakwana. Ena a inu mwaphunzira kuuma nkhope, kumwetulira muli ndi ululu, kuyankha kuti tili bwino pamene simuli bwino. Anthu akukutamani, ndipo zikukukomerani. Ine ndikumva chisoni ndikakuonani, chifukwa ndaika m'manda amuna angapo otere, ndipo pa maliro awo onse anthu ankati, koma dzana lomweli anali bwinobwino. Wina akakufunsani ngati mwalemedwa, yankhani zoona.

Ndipo inu enanu musakhale phee ngati fanizoli lakudutsani. Kwanu kuli munthu amene sanakukanizenipo kanthu chibadwire. Mwina ndi malume anu, mwina ndi mayi anu, mwina ndi mwana wanu uja wa kutauni amene mumamuimbira foni mwezi ukatha. Mukumudziwa, dzina lake labwera kale m'mutu mwanu. Pitani mukamutsitsireko thumba limodzi sabata ino. Musadikire kuti akupempheni, pakuti sadzakupemphani.